Bulangete Lopsa Pangodya

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Ine ndine Levisoni, wa konkuno kwa Kasina, amene mumandiona ndi matumba a kachewere pa Chimbiya. Munthu amene anandilakwira ndimutchula, pakuti si mlendo. Ndi amalume anga enieni, a Gelesomu, mlongo wawo wa amayi. Anatenga dzina langa ndi nkhope yanga n'kumakachepetsera msonkho wawo ku Lilongwe, ine ndili pakhomo, sukulu nditasiya chifukwa cha fizi.

Bambo anga anamwalira chaka chimene ndinasankhidwa kupita ku sekondale. Pamaliro, amalume anaimirira ndi jekete yawo yaitali nati, "Mwana uyu ndi wanga. Aphunzira mpaka atatopa yekha." Anthu anagwedeza mitu. Amayi analira ndi chiyamiko. Mwini mbumba walankhula, ndani akanakayika? Komatu anali nazo: sitolo yaikulu ya zovala ndi mabulangete mu mzinda. Analipira teremu imodzi. Imodzi yokha, abale! Yachiwiri anati malonda avuta. Yachitatu foni yawo inangoitana. Aphunzitsi anandibweza, ndipo Folomu 1 inathera pomwepo.

Koma mwezi wa Juni, mphepo ya Dedza ikuluma makutu, galimoto yawo inatulukira itadzaza mabulangete. Anati atsegula bungwe lothandiza ana amasiye. Anasonkhanitsa ana a m'mudzi pabwalo la amayi, aliyense bulangete pachifuwa, ine kutsogolo nditavala yunifolomu. "Sekani! Onetsani mano!" Wojambula anajambula. Tinamwa zoziziritsa kukhosi, m'nyengo yozizira, ndi mabanzi awiriawiri. Kenako amalume anati, "Bweretsani kaye tikasunge, tidzagawa bwino pa mwambo waukulu."

Ine langa ndinali nditakhala nalo pafupi ndi mbaula. Kamoto kanathethekera pangodya, n'kuboola kachibowo kolowa chala. Khofi limene ndinalandira kwa amalume ndimalimvabe. "Wawononga katundu, galu iwe!" Katundu, abale. Sanati mphatso. Anati katundu.

Chaka chotsatira anabweranso. Mabulangete ena anali atsopano, pakuti akale aja anagulitsidwa, koma lobooka lija silikanagulika. Analipinda bwino, chibowo mkati, n'kundipatsa ine. Chaka chinanso, lomwelo. Buluku la yunifolomu linali likulekeza m'mawondo, ndevu zayamba kumera, koma ine kutsogolo, mano kunja. Ndinkapisa chala m'kati mwa mpindo n'kuchipeza chibowo chija. Amayi ankangoti, "Pirira, mwina chaka chino akumbukira."

Amene anandiululira anali dalaivala wawo, chaka chachinayi, tikukweza mabulangete m'galimoto. Anaseka nati, "Iwe ndiwe munda wa abwana, ukudziwa? Nkhope yakoyi imadula msonkho. Amalemba kuti sitolo yapereka mabulangete ndi fizi ku bungwe, bungwe lake lawo lomwe. Ku mapepala uko iwe uli Folomu 4, mphwanga. Mayeso ulemba liti?"

Abale, ine ndinabadwa ndi mtima wapachala, amene munakula nane mukudziwa. Sindinafunse kanthu. Ndinatola mpini wa khasu. Galasi lakutsogolo, phwaa! Nyali zonse, phwaa! Amalume anathawira m'khola la nkhumba, jekete ndi yonse. Musaseke, abale, pakuti mapeto ake anali apolisi. Kukhoti amalume anaima nati, "Mwana amene ndamulera ndi manja angawa." Ine ndinatukwana pamaso pa woweruza. Ndinalowa ndende.

Kumeneko ndinafika pansi penipeni. Pansi! Munthu wojambulidwa ndi bulangete zaka zonsezo, ndinkanjenjemera ndi kuzizira mpaka mano kuwombana. Sindinkapemphera. Ndinkangoganiza za petulo ndi machesi, ndi khomo la sitolo ija. Ndinalumbira kuti tsiku lotuluka ndikakwera minibasi ya ku Lilongwe, ndikaotche zonse, andimangenso ngati afuna.

Koma Mulungu ali ndi anthu ake. Loweruka lina kunabwera amayi a mpingo kudzaona akaidi. Mmodzi wa iwo, Mayi Nambewe, wamfupi, wa mawu aakulu ngati a mwamuna, anandiika bulangete m'manja. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinalikumbatira pachifuwa, n'kuima chilili, mano kunja.

"Ukudikira chiyani, mwanawe?"

"Ojambula, mayi."

"Ojambula a chiyani? Funda apa, milomo yachita kuyera."

Ndinadikira kuti alitenge. Anaimba nyimbo, anapemphera, ananyamula madengu awo, anapita. Bulangete linatsala. Linatsala, abale! Sanafunse ngakhale dzina langa. Ndinakhala pansi n'kulira ngati kamwana, akaidi anzanga akundiseka. Tsiku limenelo ndinauza Ambuye kuti, "Ngati muli ndi anthu otere, machesi aja ndawasiya."

Nditatuluka ndinawafunafuna mayi aja, ndipo ndinawapeza pa Chimbiya akupikula kachewere wotumiza m'mizinda. Ndinawafotokozera nkhani ya amalume, ndipo anandilemba ntchito yonyamula matumba. Mtima wanga unali usanaphwe kwenikweni. Tsiku lina ndinawaona akuika lisiti la nyumba ina yosamalira ana olumala pamodzi ndi mapepala awo a msonkho. Magazi anakwera. Ndinaponya thumba pansi n'kukuwa, "Kani nanunso ndi omwewo! Mumapereka kuti mubere boma!"

Anandiyang'ana n'kuseka. "Watha? Tola mbatata khumi zimene wamwazazo, uziike apa."

Ndinaziika pa tebulo.

"Ili ndi phindu langa la chaka. Boma limadula gawo lake pa zonsezi. Tsopano tenga imodzi, upatse mwana uyo akudutsayo."

Ndinapereka. Mwana anathamanga nayo.

"Zatsala zisanu ndi zinayi. Ndikasonyeza lisiti la bungwe limene boma linalivomereza, a msonkho amawerengera pa zotsalazi, osati pa khumi. Msonkho watsika pang'ono, eya. Koma mbatata ija yabwerera?"

"Ayi."

"Ndiye ndaba chiyani? Boma silindibwezera mbatata. Limangoleka kundidula pa chinthu chimene chachoka m'manja mwanga. Amalume akowo ankawerengetsa zisanu ndi zinayi, khumi zonse zili m'thumba mwawo. Ndiyo nkhani yake. Ndipo bulangete lako lija silinalembedwe paliponse. Zopatsa munthu pamanja siziwerengedwa. Nyamula thumbalo, lole ikudikira."

Abale, ine wa Folomu 1, tsiku limenelo ndinamvetsa chinthu chimene chinandidya zaka zambiri. Lamulo la msonkho lija silinali mdani wanga. Mdani wanga linali bodza.

Lero ndili ndi malo angaanga pa Chimbiya. Ndinakalembetsa, msonkho ndimalipira, ndipo sindithawa ndikaona munthu wovala tayi. Ndikapereka ku nyumba ya ana ija ndimatenga lisiti mopanda manyazi, chifukwa thumba limachokadi ndipo ana amadyadi. Ndinakwatira Agnesi, uyo wakhala kumbuyoyo ndi mwana. Masana ena ndimapita ku sukulu ya akuluakulu, masamu akundivutabe koma sindinagonje. Ndikuthokoza Mulungu. Ndikuthokoza Mayi Nambewe. Ndikuthokoza inu amene munandilandira osandiloza chala.

Koma mayeso aakulu anabwera mwezi wathawu. Amayi anafika kunyumba kwanga maso ali ofiira. Anati a msonkho ayamba kufufuza bungwe la amalume, ndipo akufuna kuona ana amene anaphunzitsidwa. Dzina loyamba ndi langa. "Mwana wanga, ndi mlongo wanga yekhayo. Ukangoti anakulipirira, basi. Mawu awiri okha." Ndinawauza kuti, "Amayi, ndimakukondani, koma dzina langa lagwira ganyu mokwanira."

Lachisanu amalume anabwera okha pa Chimbiya. Aonda. Jekete yomwe ija ikulendewera m'mapewa. Anaima pakati pa matumba anga, anthu akuona, nati, "Levi, mwana wa mlongo wanga, zakale n'zakale. Galasi lija ndinakhululuka. Ukandithandiza, galimoto yaing'ono ija ndi yako, uzinyamulira kachewere. Ona, ndakutengera kamphatso, kuno kumazizira."

Anatulutsa bulangete m'jumbo, lopindidwa bwino.

Abale, dzanja langa linayamba lokha kufunafuna. Chitsulo cha sikelo chinali pomwepo, pafupi ndi phazi. Agnesi anandiitana pang'onopang'ono, "Bambo a Chikondi." Ndinati mumtima, "Yesu, gwirani dzanja ili." Ndipo analigwira! Dzanja lomwe lija la mpini linalandira bulangete. Ndinapisa chala mu mpindo, ndipo chinatulukira mbali inayo. Lomwe lija! Ngakhale podzandigula sanafune kuwononga latsopano.

Ndinalitambasula kuti msika wonse uone, chala chili pachibowo, ndipo ndinalankhula osakuwa:

"Malume, sindikumenyani, ndipo sindikunamirani. A msonkho akabwera ndidzawauza kuti munalipira teremu imodzi, ndipo bulangete ili ndinalinyamula chaka ndi chaka osalifundapo. Galimoto yanu khalani nayo. Koma ili lisiyeni, lero ndiye mwaperekadi. Akakufunsani zimene munathandiza mwana wa mlongo wanu, mukawauze zoona: teremu imodzi, ndi bulangete limodzi, lobooka."