Tambala wa pa Chinkhoswe cha Mervin

A Bizwick anachoka ku South Bend mpaka ku Indianapolis, ku America, tambala wamoyo ali m'buti ya galimoto, chifukwa Mervin, mwana wa mlongo wawo, ankatomera Anjali, mwana wa Amwenye achihindu, ndipo iwo anali atalumbira kuti popanda nkhuku yoti ankhoswe ang'ambirane, ukwatiwo sauvomera. Atapaka kuseri kwa holo ku Lafayette Square n'kusolola mpeni, akazi awo a Evelina anawagwira dzanja. Mayiwa ukawauza kuti adikire pompo, umawapeza pompo mawa lake.

"Bambo a Chawezi, bwezani mpeniwo. Anthuwa akaona magazi akansela zonse. Mayi a Anjali anandiuza kuti m'chamoyo chilichonse muli atman."

"Ndiye chiyani chimenecho?"

"Mzimu. Wanu, wanga, wa tambalayu, ndi umodzi."

"Aaa, iyayi. Wanga unabatizidwa, unalowa kalasi, pano ndi mkulu wa mpingo. Wa uyu wandiipitsira tayala la sipeya."

A Evelina anafotokoza mofatsa, ngati akuwerenga malangizo a mankhwala, kuti atman sabadwa ndipo safa. Thupi likatha amangolivula ngati malaya ong'ambika n'kuvala lina.

"Basitu," anatero a Bizwick, akunola mpeni pa simenti. "Ndikumuthandiza kuvula. Mwina mawa adzuka ali dokotala."

"Kapena anali kale munthu. Akuti thupi lotsatira limatengera ntchito zako."

"Munthu wotani angabadwe tambala?"

Linali funso lonyoza, koma a Evelina sadziwa kuti mafunso ena safuna yankho. Anayang'ana kumwamba n'kuganiza ndithu.

"Wodzuka m'bandakucha n'kudzutsa mudzi wonse popanda chifukwa. Wamitala. Woyenda chifuwa patsogolo, ntchito akugwira ndi akazi."

Mpeni unasiya kulira pa simenti. Munthu ameneyo a Bizwick ankamudziwa bwino: anali malemu a Kingsley, bambo awo owabereka. Tambala anapendeka mutu n'kuwayang'ana ndi diso limodzi, momwe malemuwo ankayang'anira mwana akamanama.

"Mayi a Chawezi, musatukwane akufa."

"Ine sindinatchule dzina."

"Bambo tinawaika ku Ntcheu. Akafuna chiyani pa famu ya Aamishi pomwe ndinagula tambalayu? Ndiponso viza anawakaniza."

"Atman safuna viza."

"Koma Mkhristu sabwerera! Zimenezo n'za eni ake."

"Mwina anamva kuti mdzukulu akukwatira kwa eni akewo."

Tambala anakupiza mapiko n'kulira masana dzuwa lili pamutu. A Bizwick anabwerera m'mbuyo, mantha atawagwira zenizeni, chifukwa malemuwo nawonso sankayang'ana nthawi akafuna kulankhula.

Foni inalira. Anali Mervin, akuti alendo onse akhala pansi, bambo a Anjali ayamba kuyang'ana wotchi, ndipo malume akapanda kulowa msanga iye watha. A Bizwick anangoti akubwera, koma phazi silinasunthe.

Apo n'kuti a Evelina atamaliza kusinkhasinkha, ndipo nkhope yawo inawala.

"Bambo a Chawezi, ndakumbukira. Anatinso atman mpeni sumudula, moto sumutentha. Ndiye kuti munalondola ndinu. Iphani msanga kuseri konkuno, tikawafotokozera ndi malemba awo omwe."

"Ndiphe?"

"Eee. Ngati ndi apongozi, angosintha malaya. Bweretsani, ine ndigwira miyendo."

"Mugwire miyendo ya ndani? Mulibe ulemu?"

"Nanga si munalumbira kuti popanda nkhuku palibe ukwati?"

A Bizwick anaponya mpeni m'buti n'kutseka. Ananyamula tambala ndi manja awiri, anamupukuta fumbi palipombo, kenako anakonza tayi yawo n'kulunjika kukhomo la holo.

"Ankhoswe ting'ambirana chapati," anatero osacheuka. "Inu tsogolani mukauze Mervin awonjezere mpando kutsogolo. Agogo ake abwera."