Gawo Langa ndi Chitseko

Pamsika wa Lamulungu kuseri kwa minda ya tiyi ku Thyolo, m'chaka cha 1926, bambo wina atasenza chitseko chamatabwa anaima pamene mayi wina ankagulitsa kalongonda.

"Chamalonda chimenecho, bambo?"

"Ayi mayi, ndi gawo langa. Ukwati watha dzulo, ndiye ankhoswe atigawira nyumba."

"Nyumba n'kugawana? Yasanduka mbuzi?"

"Akuti makoma ndi a mkazi poti anamata ndiye. Udzu anamweta ndi apongozi. Dothi ndi la mzungu. Ine changa ndi ichi, ndinachita kupala ndekha."

"Nanga thangata la nyumbayo ankagwira ndani?"

"Ineyo! Zaka zisanu ndikupalira tiyi wa mzungu ulele kuti asatithamangitse pamalopo. Lero ndilibe ndi pogona pomwe."

"Amuna nonse n'chimodzimodzi. Anganso pochoka anazula chitseko. Ndimatseka ndi mphasa, agalu amangolowa ngati kwawo."

"Pepani, mayi."

"Pepani sapoletsa chilonda. Kapitawo wanena kuti nyumba yopanda mwamuna wogwira thangata aigwetsa mwezi ukaoneka. Ndilowera kuti ndi ana atatu? Kodi inu mowa mumamwa?"

"Pamaliro pokha."

"Khasu mumalitha?"

"Taonani zikhathozi."

"Tatulani chitsekocho ndichiyeze ndi mkono. Hmm, chafupika pang'ono, koma galu sangadutse. Senzani, tizipita."

"Lero lomwe, mayi?"

"Mwezi sudikira munthu. Koma mumvetsetse, bambo: tsiku lodzachoka, mudzapita nokha. Chitseko chidzatsala."