Galimoto Imene Inazima Mwamuna Wanga Ali M'kati

Moni abale ndi alongo nonse amene mumawerenga zimene ndimalemba pano. Lero ndikuuzani za galimoto imene inakhala pabwalo panga ku Area 23 kupitirira chaka osayenda, ndi za mlandu umene ndinkadziimba ndekha nthawi yonseyo, woti ndine ndinaphetsa mwamuna wanga.

Malemu bambo a Tadala anali ndi pikapu yakale, ya zija zokoka matayala onse anayi. Ankakwera nayo mapiri a ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene galimoto zina sizifika dzinja, kukatenga mbatatesi ndi kabichi zoperekera amayi a pamsika wa Chilinde. Inkatidyetsa, koma nayonso inkadya. Sevisi yokha, oyilo ndi masefa, inkatha ndalama zoti tikanagula chimanga cha miyezi ingapo. Mukakonza mabuleki, mawa kunsi kwayamba kulira. Tayala limodzi likatha, makaniko n'kumati galimoto zotere zimafuna matayala ofanana onse. Ine ndinkaitchula kuti mkazi mnzanga, ndipo ponena zimenezo sindinkaseka.

Tsiku lina bambo anabwera kuchokera kugalaja ku Biwi n'kundiuza kuti pampu ya dizilo yatopa, ikufunika kukonza isanatisiye panjira. Atatchula mtengo wake ndinakana. Denga linkadontha pamene pamagona ana, ndipo ndinali nditafunsa kale mtengo wa malata. Ndinati, "Galimotoyo ikuyenda, iyambe yadikira." Iwo sanalimbane nane. Anangoti, "Chabwino mayi, tikhome kaye malatawo."

Patatha masabata atatu, m'mawa akuvala nsapato, anagwa. Pakamwa panapotoka, mkono wamanja unalefuka. Mng'ono wawo, amene amadziwa kuyendetsa, anathamanga kudzatithandiza, ndipo tinawagoneka pampando wakumbuyo mutu uli pamiyendo panga. Tisanafike pamsewu wa tala, pakamtunda ka pachigayo, galimoto inangozima. Mlamu anapotokola kiyi kambirimbiri, injini n'kumangozungulira osalira. Anthu anakankha, osatheka. Pamene tinkapeza galimoto ina n'kuti kapumidwe kawo katasintha. Kuchipatala anatiuza kuti tafika atatisiya kale.

Pikapu ija anachita kuikoka n'kuisiya pansi pa mtengo wa mango, moyang'anizana ndi zenera la kuchipinda kwanga. M'mawa uliwonse ndikatsegula katani, chinthu choyamba kuona chinali iyoyo, chipewa cha bambo chili pomwe anachisiya kutsogolo kwa chiwongolero. Nthawi zina masana ndikuchapa ndinkamva ngati chitseko chake chamenyedwa kawiri, mmene ankatsekera iwo popeza sichinkagwira msanga. Ndikacheuka, nkhuku zokha. Mvula ikamagwa pamalata atsopano aja, m'nyumba mosadontha ngakhale pang'ono, ndinkalakalaka denga lonse litasasuka. Za pampu palibe amene ankadziwa, ngakhale mlamu. Kutchalitchi ndinkapitabe, koma mgonero ndinasiya kudya.

Ndinaganiza kuti mwina ikayenda mtima ukhala pansi. Ndinagulitsa makina anga osokera ndi filiji, n'kugula pampu yogwirapo kale ntchito. Makaniko anaiika, galimoto osalira. Anati wogulitsayo wandipatsa yakufa, ndipo tsopano pakufunika kumasula injini yonse. Mtengo umene anatchula sindikanaukwanitsa. Aneba anayamba kunong'onezana kuti mwini wake sakufuna kuti iyende. Ana ena anasiya kudutsa pabwalo pathu. Mapeto ake ndinagwirizana ndi munthu wogula zitsulo kuti adzaiphwasule kumapeto kwa mwezi.

Sabata imeneyo ndinagwada m'khitchini mbale zili m'madzi. Ndinati, "Ambuye, galimoto sindikuifunanso. Koma ngati ndinaphetsa ndine, ndiuzeni, ndileke kumangodzifunsa."

Lachinayi kunabwera Abambo Maseko, mkulu wa mpingo wathu, munthu wa imvi woyenda pa njinga yakapalasa. Anabwera kudzafunsa chifukwa chimene ndinasiyira mgonero. Sindikudziwa chimene chinandimasula pakamwa, koma ndinawauza zonse, za pampu, za malata, za pachigayo. Ndinkayembekeza vesi. Iwo anayang'ana pansi pa mango paja, kenako anapempha makiyi. M'pamene ndinadziwa kuti asanapume ntchito anakhala zaka zambiri akukonza galimoto zamtundu womwewo.

M'mawa mwake anabwera ndi batire pakaliyala ndi kachigubu ka dizilo. Anagwira masiku atatu, osafulumira, akung'ung'udza nyimbo za m'buku. Anachotsa pampu ndinagula ija n'kubwezeretsa ya bambo, imene ndinaisunga m'thumba kuseri kwa nyumba. Kenako anayamba kutsata mawaya ndi zala, kumapinda limodzilimodzi. Tsiku lachitatu anandiitana.

"Mayi a Tadala, tagwirani apa."

Kanali kawaya kakang'ono, kunja kwake kabwinobwino, koma nditakapinda ndinamva kuti m'kati n'koduka.

"Kameneka ndi kamene kamatsegulira mafuta," anatero. "Kakaduka, galimoto imazima ngati mwaizimitsa ndi kiyi. Pampu ya amuna anu yatopa ndithu, koma si imene inakusiyani panjira. Mukanalipira ndalama zija, kameneka a kugalaja sakanakaona, kakanadukabe."

Anakalumikiza, n'kulowa m'galimoto. Injini inatsokomola kawiri, utsi wakuda unadzaza pabwalo, kenako inalira. Ndinakhala pansi m'fumbi momwemo ndikulira kuposa mmene ndinalirira pa maliro. Abambo Maseko anaisiya ikulira, iwo n'kukasamba m'manja pampopi. Malipiro anakana; anangoti ulendo woyamba ndidzawasungire ndowa ya mbatatesi.

Sindikunamizani kuti zonse zinatha. Mlamu ndi amene akuyendetsa tsopano, ndipo sevisi ikakwana timamvabe kuwawa. Mwezi watha tinadya bonya masabata awiri chifukwa cha mabuleki. Ngati bambo akanapulumuka tikanafika msanga, sindikudziwa, ndipo mwina sindidzadziwa pansi pano. Mpando wakumbuyo sindinakhaleponso. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la m'khitchini, n'kunditumizira munthu wodziwa kumva mtima komanso kutsata waya.

Inu amene mwasenza mlandu umene simunauzepo munthu, ndikukupemphani, musataye mtima ndipo musadzigamule nokha. Pempherani, kenako kauzeni wina wokhulupirika. Ine yankho langa linakhala miyezi yonseyo pansi pa boneti, mapazi khumi kuchokera pakhomo panga, ine ndikuopa kutsegula.