Foni Inafa Ili ndi Manda a Amuna Anga M'kati

Atamandike Yesu Khristu, amayi anzanga, ndi inu azibambo mwabisala kumbuyoko, ndakuonani. Chokuzira mawucho chotsani, ine Mulungu anandipatsa changa pobadwa. Kwa amene simundidziwa, ndine Anastazia, amake Josefe, wa konkuno ku Kamitondo, mkazi wa malemu a Sakala amene anagwira ntchito pansi pa mgodi mpaka imvi. Lero ndaimirira kuchitira umboni za foni. Musaseke! Foni yanga inafa ili ndi manda a amuna anga m'kati mwake, ndipo ine mtima unatsala pang'ono kuima nayo pamodzi.

A Sakala anatisiya nthawi ija ya kolona, pamene maliro tinkaika mothamanga, titamanga nsalu pakamwa. Alongo awo ku Katete sanathe kubwera. Ndiye ndinatenga foni yanga ndi kupatsa mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wanga Velonika, ndati jambulani zonse, kuyambira pa geti la manda mpaka fosholo yomaliza, titumize kumudzi nawonso alire. Anajambuladi, koma vidiyoyo inatalika, inakana kupita. Inakhala m'foni mwanga mokhamo. Kuionera sindinaionerepo, mtima unkakana.

Pambuyo pake miyendo iyi inandigwetsa, munamva. Velonika ananditengera kwake ku Kanini, ku Ndola, ndipo mvula inagwa, inapita, inagwanso, ine kumanda osapondako. Chaka chino, nditabwerera kuno ku Kamitondo, ana anagwirizana, anagula chiliza cha mwala wakuda, dzina la atate awo lolembedwa bwino. Abambo wansembe anatipatsa tsiku lodzadalitsa, ndipo alamu anga ku Katete anayamba kumanga katundu. Chinatsala ndi kukaonetsa womanga malo oti athire simenti.

Tifika kumanda, mayo ine! Zitsulo zija amalembapo maina, akuba azula mzere wonse kukagulitsa pa sikelo. Mtengo wa masuku umene tinaimapo pamthunzi, adula, awotcha makala. Mitumbira yaphwa ndi mvula, udzu wafika m'chiuno, ndipo manda atsopano adzaza mpaka kumene kunali njira. Woyang'anira manda ati nambala angaipeze, koma manambala anali pa zitsulo zomwezo, pamene mzere uyambira palibe adziwa.

Josefe, mwana wanga woyamba, uja wa ku Nkana West, anayenda manja kumbuyo ngati bwana, ati, "Amama, ndi awa. Ndikumbuka, galimoto ndinaimika apo." Velonika ati, "Iwe unali kulira mamina mpaka pachibwano, unaona chiyani? Ndi awa apa." Wina kumanzere, wina kumanja, kukangana pamwamba pa anthu ogona. Womanga uja, ndudu pakhutu, ati, "Ambuya, sankhani chabe amodzi. Akufa sadandaula." Ndinamuyang'ana mpaka anabwerera m'mbuyo. Ndati, "Iwe, dzina la a Sakala likakhale pamutu pa mkazi wa mwini? Ine ndizibwera kuno ndi miyendo yotupa kudzalirira mwamuna wa wina?"

Pamenepo ndinakumbuka vidiyo. Ndati dikirani, zonse zili muno. Foni ndimaimanga pa mfundo ya chitenje, mudziwa. Mfundo yalimba, ndakoka ndi mphamvu. Foni inauluka, inakagwera pa ngodya ya chiliza cha munthu wina, pha! Kuitola, galasi lonse bii, ngati athiramo inki.

Amayi anzanga, ikanangofa yonse mwina ndikanakhala pansi. Koma inali kulira! Ili pathebulo, ngiri ngiri ngiri, ine ndidziwa kuti ndi alamu anga afuna kufunsa za ulendo, ndikhwekhweza chala pagalasi, siimva. Ndikaika pansi, ndaitolanso. Ndikalowa m'nyumba, ndatuluka. Chakudya ndikaika pamoto ndimachiiwala mpaka aneba afuule kuti chapsa. Ndinaipukuta ndi mafuta odzola, palibe. Ndinatenga kabotolo ka madzi odalitsa, ndinaiwaza pang'ono kumene kulowa tchaja, ndati mwina imva. Josefe anabwera, ati, "Amama, lekani kuvutika, ndikugulirani yatsopano yabwino kupambana iyi." Ndati, "Yatsopanoyo inalipo pamaliro a atate ako?"

Ndinakwera minibasi kupita mtauni. Wokonza woyamba, bambo wa magalasi akuda m'maso, sanaitsegule n'komwe. Ati, "Mami, iyi tifulasha chabe. Mubwere masana ano, fifitini koloko, muzaipeza ili nyuu." Ndinali nditayamba kale kutembenuka, koma mwendo unakana. Ndati, "Nanga amuna anga?" Ati, "Ali kuti?" Ndati, "Ali m'katimo." Ati, "Aa, za m'kati zonse zichoka, itsala yoyera ngati ya m'shopu." Ndinamulanda ngati ndilanda mwana kukamwa kwa galu! Anthu onse pakhonde paja anacheuka.

Kuseri kwa msika kuli kontena ya mayi wina, Ba Mwape, naye akonza mafoni. Iye anailumikiza ku magetsi, anaiika pakhutu, inanjenjemera. Ati, "Mayo, mtima wake uli bwino, yafa ndi nkhope chabe. Koma munaithira madzi?" Ndati, "Odalitsa." Ati, "Odalitsa kapena a m'mpopi, foni siidziwa kusiyana." Anaiumitsa, kenako anandiuza choona. Kukoka vidiyo ndi nthambo sikutheka pamene foni ili yokhoma, ndipo kuitsegula kufuna chala changa pa galasi lamoyo. Galasi la mtundu uwu linatha m'mashopu, foniyo ndi yakale. Kuitanitsa kutali, lidzafika tsiku lodalitsa litapita. Ati, "Njira ina ndi iyi. Mupeze munthu ali ndi foni yofanana ndendende, avomere tichotse nkhope yake, tiike pa yanu kanthawi. Koma mumuuze, pochotsa nthawi zina imasweka."

Apa ndiye ndinasanduka wamisala wa m'Kamitondo. Pakutuluka Misa ndimaima pakhomo, "Onetsani foni yanu! Tembenuzani kumbuyo!" Ena a inu muli muno munabisa m'zikwama, ndinakuonani, ndakukhululukirani. M'minibasi ya ku Ndola ndinayang'ana m'manja mwa aliyense mpaka kondakitala anati, "Ambuya, ndinu apolisi?" Ku Ndola ndinalowa shopu ndi shopu, miyendo ili kutentha ngati ndaponda mbaula, paliponse ati zinatha. Bambo wina wa pa butchala anali nayo yofanana. Ndinamugwadira. Ati, "Mayo, iyi ngakhale mkazi wanga saigwira."

Masiku anali kutha. Josefe anabwera ndi nkhope ya kuofesi, ati womanga sangadikirenso, simenti ifuna kuuma alendo asanafike, Lachisanu athira pa manda amene iye analoza, popeza ndiye wamkulu. Velonika ati akathira pamenepo iye sabwera. Ana anga awiri, a mimba imodzi, analeka kulankhulana chifukwa cha foni imene inagwa m'manja mwanga.

Masana amenewo ndinalowa m'tchalitchi muli zii, ndinakhala pansi penipeni patsogolo pa guwa. Sindinapemphere zonong'ona, ine sindidziwa. Ndati, "Ambuye, inu manda anu azimayi anawadziwa, anafika osafunsa munthu. Nanga ine ndalakwa chiyani? Munthu uja ndinakhala naye kuyambira ndili mtsikana, ndinamuchapira zovala za mgodi mpaka zala zinang'ambika, lero ndisadziwe pamene agona? Galasi limodzi chabe, Ambuye! Mitundu yonse ya mafoni muidziwa ndinu!" Wosesa m'tchalitchi anathawira panja.

M'mawa mwake ndili kusesa pabwalo, ndamva mawu pa geti, "Odi kuno kwa odya mbewa! Ndamva mwataya mwamuna kawiri, poyamba kuchipatala, manje kumanda. Anthu a kum'mawa, ngakhale wakufa akuthawani!" Anali Bana Chanda, MuBemba uja agulitsa chikanda pa siteshoni. Mudziwa chimbuya chathu ndi ABemba, titukwanana pamsewu, koma maliro akagwa kwa ife iwo ndiwo aphika, anyamula, natipaka ufa kumaso kuti tiseke. Ine tsiku limenelo kuseka kunalibe. Ndati, "Iwe wodya kolwe, pita ukasake anyani ako, lero ndilibe mphamvu."

Sanapite. Anandiponyera chinthu pamiyendo, ati, "Tembenuza, ndiwe wa maso a mbewa." Kutembenuza, amayi anzanga, ndi iyo! Mtundu womwewo, timaso ta kamera tomweto, ngati mapasa. Ndati, "Bana Chanda, iyi ndiyo makasitomala ako akuimbirapo. Ba Mwape anena kuti ikhoza kusweka." Ati, "Awe mwandi, ikasweka uzandilipira mbewa thumba limodzi." Kenako anatsitsa mawu, chinthu chimene sindinamuonepo achita. Ati, "Ba Sakala tinawaika ndife. Maliro a kwanu ndi ntchito yathu, ndipo ntchito ija sinathe mpaka mwala ukhale pamutu pawo. Vala nsapato."

Ku kontena, Ba Mwape anapemerera foni ya Bana Chanda ndi mphepo yotentha kuti zomata zifewe, nayamba kulowetsa kapulasitiki m'mbali pang'onopang'ono. Mwini wake anatembenukira kukhoma, ati, "Ndikamva phoko musandiuze." Ine korona m'manja, mikanda ndilumpha, sindidziwa ndili pati. Ndimaima, ndimakhala, mpaka Ba Mwape anati, "Mayo, mugwedeza thebulo." Nkhope inachoka. Anailumikiza ku foni yanga ndi kalamba kopyapyala ngati tsamba la anyezi, ili lende, osamata. Anadina pambali. Mdima. Anadinanso, anagwiritsa. Kuwala!

Ndinakuwa mpaka ogulitsa tomato anathamangira kudzaona. Ba Mwape ati, "Musakuwe, tsegulani, koma musalakwitse kambiri, ingadzikhome." Ine kulemba sindidziwa, sukulu sindinapondeko, koma chala ichi chidziwa njira yake pa timadontho totsegulira foni tija. Poyamba chinaterereka ndi thukuta. Bana Chanda anandigwira dzanja nalipukuta pa chitenje chake, ati, "Wosenda mbewa iwe, kunjenjemera ndi galasi?" Ndinajambulanso. Inatseguka.

Ba Mwape anakokera vidiyo ija mu laputopu yake, naiikanso m'kafulashi, ati zinthu zotere sizigona malo amodzi. Tinaionera pomwepo. Bokosi la a Sakala lili kutsika, kwaya ili kuimba kuseri kwa nsalu za pakamwa, ndipo pamwamba pa onse mawu a munthu mmodzi, ine. Misozi inatsika. Bana Chanda naye maso ofiira, koma ati, "Mverani, ngakhale atamumanga pakamwa aposa kwaya yonse."

Tsiku lomwelo ndinaitana ana onse awiri kumanda, ndati amene sabwera asadzabwerenso pa manda anga. Josefe anaika vidiyo m'foni yake yaikulu ija. M'vidiyomo, kumbuyo kwa akatekisiti kuoneka chulu chachikulu, ndipo mzati wa magetsi waima pamsana pake penipeni. Kumanzere kwa dzenje kuli manda a matailosi obiriwira. Tinayenda m'udzu chammbali ngati nkhanu, foni m'mwamba, mpaka chulu ndi mzati zinakumana monga m'vidiyo. Velonika anapalasa udzu ndi phazi, matailosi obiriwira ndi awa. Pambali pake, kamtumbira kophwa, kopanda ngakhale duwa.

Sanali manda amene analoza Josefe, sanali amene analoza Velonika. A Sakala anali mzere wa kumbuyo, kumene palibe mmodzi wa ife analozako. Josefe anavula chipewa, anayang'ana kumene anafuna kuthira simenti, anakhala pansi m'dothi ndi buluku lake la kuofesi. Mlongo wake anamugwira paphewa. Ine ndinagwada, ndati, "A Sakala, ndine. Ndachedwa, miyendo ndi iyi." Amene agona paja tinafuna kuika mwala wathu sindimudziwa, koma ndinamupempherera nayenso, kuti abale ake amupeze.

Foni ya Bana Chanda inabwerera ndi kamzera kobiriwira m'mbali mwa galasi, sikachoka. Josefe anafuna kumugulira ina, anakana, ati akufuna aliyense pa siteshoni aone chimene anthu a kum'mawa anamuchita. Tsiku lodalitsa Bana Chanda anakhala pamwamba pa chiliza, miyendo tambalale, ati sachoka mpaka alamu anga a ku Katete amupatse nkhuku yamoyo. Abambo wansembe anadikira ndi madzi awo m'manja, ali kuseka.

Ndiye ndithokoza Mulungu amene anamva kukuwa kwanga. Ine ndinali kuyang'ana m'mashopu a ku Ndola, iye anatuma munthu wonditukwana pa geti. Ndithokoza Ba Mwape ndi manja ake ofatsa, ndithokoza Bana Chanda, wodya kolwe uja wakhala apoyo adziyesa sakumva. Inu amene muli pakati pa vuto, musavomere msanga mawu oti sankhani chabe amodzi. Limbikirani, gogodani, anthu akusekeni. Ndipo zimene zili m'mafoni mwanu zoti simungazipezenso, uzani ana aziike malo awiri lero lomwe, musadikire igwe.

Dzulo ndinapita kumanda ndekha ndi kakhasu kanga. Sindinafunse munthu njira. Zilembo za pamwala sindiziwerenga, koma ndinaziyendetsa chala kuyambira koyamba mpaka kotsiriza, ndipo ndidziwa kuti amene ali pansi pake ndi wanga. Atamandike Yesu Khristu.