Manasseh Chavula, Mkulu wa Mpingo Wopanda Mpingo

Amene tikuwaperekeza lerowa ndi bambo Manasseh Joel Chavula. Anabadwa pa 3 Febuluwale 1951 m'mudzi muno mwa Chamalaza, kuseri kwa mapiri a Nchenachena, m'boma la Rumphi. Anali achitatu mwa ana asanu ndi awiri a malemu bambo Joel Chavula ndi mayi Dinah NyaHarawa.

Sukulu anayambira ku Nchenachena mu 1959, akuyenda pansi opanda nsapato, kabudula wa ku sukulu ali yemweyo wa ku tchalitchi. Sekondale anaphunzira ku Livingstonia, ndipo mu 1974 anamaliza maphunziro a uphunzitsi. Anaphunzitsa ku Chiweta, ku Njakwa, kenaka anabwerera kuno kwawo monga mphunzitsi wamkulu mpaka anapuma pa ntchito mu 2008. Amene munadutsa m'manja mwawo mukudziwa kuti sanali okonda chikwapu. Ana awiri akamenyana, ankawakhazika pa desiki imodzi ndi buku limodzi mpaka teremu ithe, ndipo ambiri ankachokapo ali mabwenzi. Kulakwa kwa malemuwa kunali kuganiza kuti njira imeneyi ingagwirenso ntchito pa akuluakulu.

Mu 1977 anamanga banja ndi mayi Isabella NyaMsiska a ku Chiweta, ndipo Mulungu anawapatsa ana asanu. Mmodzi, Luso, anatsogola ali wamng'ono.

Anadzozedwa ukulu wa mpingo mu 1986, nthawi imeneyo kuno kunali tchalitchi chimodzi chokha. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ndiwo ankanyamula chikho pa tsiku la mgonero. Mu 2009 mvula inagwetsa khoma la tchalitchicho, ndipo nkhani ya malo omangapo chatsopano inagawa anthu. A kumtunda kwa mtsinje anati timange kwathu, a kumunsi nawo anati kwathu. Njerwa zimene tinaotcha limodzi zinagawidwa. Belu linakwera kumtunda, zikho za mgonero zinatsikira kumunsi, ndipo pasanathe chaka mbali iliyonse inali ndi abusa ake, dzina lake ndi kaundula wake. Abale a bere limodzi anayamba kudutsana pa mlatho Lamulungu m'mawa, wina akukwera wina akutsika, osapatsana moni.

Nkhaniyi inawapweteka mtima bambo Chavula kuposa matenda alionse. Mu 2011 anayambitsa msonkhano wa atsogoleri a mipingo yonse ya dera lino, wopempherera chitsitsimutso ndi umodzi, Loweruka loyamba la Ogasiti chaka chilichonse. Makalata oitanira anthu ankalemba pamanja, khumi ndi imodzi, nkuwaperekera okha pa njinga, ndipo kalata iliyonse inkatha ndi mawu othokoza a m'chinenero cha kuno akuti, "Yewo chomene, tikumane." Malo ake anali kalasi ya sitandade eyiti. Mipando ankaiika mozungulira kuti pasapezeke wokhala kutsogolo, ndipo wotsegula ndi pemphero ankasankhidwa potola kapepala m'chipewa chawo, poti nkhani ya woyamba kupemphera nayo inali mlandu.

Atsogoleri a mipingo ina ankabwera, kupemphera, kumwa tiyi wa mayi NyaMsiska nkumapita. Koma awiri amene msonkhanowo unayambitsidwira sanakhalepo m'chipindamo nthawi imodzi. Abusa a kumtunda akamva kuti anzawo afika, ankadwala mutu. Abusa a kumunsi akaona njinga yamoto ya anzawo panja, ankakumbukira wodwala wofunika kukamuona. Abusa anasinthidwa kawiri mbali zonse, koma mutu uja unkasiyidwa pamodzi ndi makiyi a nyumba. Misonkhano inakwana khumi ndi inayi, ndipo nthawi zonse mpando umodzi unkakhala wopanda munthu.

Bambo Chavula iwo eni anakana kusankha mbali. Lamulungu ili ankapemphera kumtunda, linalo kumunsi. Mu 2011 momwemo anachitanso lumbiro limene lero latifikitsa pano: anati sadzadyanso mgonero kufikira tsiku limene Chamalaza adzadyere pa gome limodzi. Tonse tikudziwa mwambo wathu. Mkhristu amakhala ndi khadi, ndipo akadya mgonero mkulu wa mpingo amaikapo chizindikiro. Khadi likakhala loyera katatu kotsatizana, bwalo la akulu limakhala pansi. Mu 2014 a kumtunda anafufuta dzina lawo m'kaundula, ati munthuyu anatsikira kumunsi. A kumunsi sanawalembe konse, ati sanabweretse kalata yosamukira.

Anzawo ankawaseka kuti mapanga awiri avumbwitsa, iwo nkumangoseka nawo. Mayi a kunyumba okha ndi amene sankaseka. Anawafunsapo kangapo kuti, "Adada, kodi mukadzafa adzakuikani ndani?" Yankho linali limodzi nthawi zonse: "Onse awiri, mama. Pa maliro palibe amene amakana."

Malemuwa akhala akuvutika ndi kuthamanga kwa magazi kuyambira 2019. Chaka chino makalata a Ogasiti anawalemba msanga, poti manja anali atayamba kunjenjemera. Pa 19 Meyi ananyamuka kukapereka oyamba, ndipo anagwa pa chitunda cha kusukulu akukankha njinga. Anatengeredwa ku chipatala cha Rumphi, kenaka ku Mzuzu, ndipo patatha masabata awiri anabwezedwa kunyumba mbali imodzi ya thupi itafa.

Lolemba lapitali mawu atabwererako pang'ono, anaitana mwana wawo wamkulu, Thumbiko, namuuza kuti, "Ndalephera, mwana wanga. Kandiitanire mgonero, kulikonse." Munthu amene anapirira zaka khumi ndi zinayi anagonja pa mphasa, ndipo analira poyankhula mawu amenewa. Thumbiko anakwera kumtunda, akulu a kumeneko anamuuza kuti dzina la bambo ake mulibe m'kaundula, ayambe wafunsa kumunsi. Anatsikira kumunsi, anamuuza kuti dzina silinalowemo nkomwe, nkhani yotere ndi ya bwalo la akulu, ndipo bwalo lidzakhala kumapeto kwa mwezi. Bambo Chavula anatisiya Lachitatu pa 11 Juni 2025, dzuwa likupendeka, ali ndi zaka 74, asanalandire chimene anapempha.

Dzulo m'mawa atsogoleri onse khumi ndi mmodzi anakumana m'kalasi ija ya sitandade eyiti kuti akambirane za woyendetsa mwambo wa lero. Kwa nthawi yoyamba panalibe mpando wopanda munthu. Anakhala kuyambira naini koloko mpaka fili koloko. Anapemphera, anawayamikira malemu kuti anali munthu wa Mulungu weniweni, ndipo mbali iliyonse inaumirira mwaulemu kuti ulemu woika munthu wotere upite kwa inzake. Anatuluka osamvana.

Nchifukwa chake belu silinalire Lachitatu, ndipo silinalire lero. Nchifukwa chake mbiri ino, imene mwa mwambo amawerenga mlembi wa mpingo, ikuwerengedwa ndi Thomson Kachingwe, mphunzitsi mnzawo wa pa choko, mlendo wochokera ku Dowa, m'chinenero cha ku Dowa komweko. Abusa onse awiri ali pano ndipo banja likuwathokoza, koma abwera ngati anansi, makolala a ubusa asiya kunyumba. Amayi a mbali zonse aphika ndi kuimba masiku atatu, yewo chomene, koma yunifolomu anauzidwa kuti asavale poti womwalirayu si wa m'kaundula. Tayang'anani kumene akhala amayiwo. M'zitenje zawozo simungaloze wa kumtunda kapena wa kumunsi. Zimene bambo Chavula anafuna kuona ndi maso zachitika lero kwa maola ochepa, chifukwa choti onse awakana, ndipo mawa ndi Lamulungu, aliyense adzawoloka mlatho kupita kwake. Banja silikubisa, mtima ukuwawa ndipo chiyembekezo chachepa.

Malemuwa asiya mayi a kunyumba, mayi Isabella NyaMsiska. Ana anayi, Thumbiko, Mtende, Angela ndi Fiskani. Zidzukulu khumi ndi zitatu. Mlongo mmodzi, mayi Phyllis NyaChavula, amene amapemphera kumtunda. Ndi mng'ono mmodzi, bambo Amon Chavula, amene amapemphera kumunsi.

Asiyanso makalata khumi ndi imodzi, amene anapezeka m'chikwama cha pa njinga tsiku limene anagwa, oitanira ku msonkhano wa pa 2 Ogasiti. Mayi NyaMsiska awaika pa tebulo ili pafupi ndi bokosi, pamodzi ndi khadi lawo la mgonero, loyera ngati latsopano. Wowaperekeranso palibe. Amene dzina lake lili pa emvulopu, ngati afuna, atenge yekha.

Bambo Manasseh Joel Chavula apita kumene gome ndi limodzi ndipo safunsa khadi. Kumeneko, apumule mu mtendere.