Khomo la pa Maluwa

Malemu bambo Rafaeli Joaki Bonjesi anabadwa pa 9 Juni 1951 m'mudzi mwa Mpomba, Mfumu Yaikulu Tengani, m'boma la Nsanje. Anali achitatu kubadwa m'banja la ana asanu ndi mmodzi la bambo Joaki Bonjesi ndi mayi Anastaziya, omwe anatisiya kale onse awiri. Anabatizidwa mu mpingo wa Katolika chaka chomwecho. Sukulu anayamba mu 1959, nalekezera Sitandade 6 mu 1965 bambo awo atamwalira.

Mu 1969 anakwera sitima kubwera ku Blantyre, nafikira kwa amalume awo a Nikolasi ku Ndirande konkuno. Ntchito yawo yoyamba inali yoponda matope ndi kuperekera njerwa kwa amisiri. Mu 1974 anayamba kugwira okha mpeni womangira, ndipo mu 1977 anakhoza mayeso a umisiri. Khoma ankamanga monga mmisiri wina aliyense, koma chomwe anatchuka nacho ndi kumaso kwa nyumba: pulasitala wosalala, ndi mabuloko a maluwa, aja obowoka pakati, omwe ankaumba okha m'chikombole chawo. Nyumba zambiri za ku Soche ndi ku Chinyonga zinadutsa m'manja mwawo.

Pa 12 Ogasiti 1978 anadalitsa ukwati wawo ndi mayi Petronela Fulukiya a kwa Ngabu. Mulungu anawapatsa ana asanu, mmodzi anatsogola ali wakhanda. Mu 1981 anapeza malo ano, namangapo nyumba ya khonde lalikulu loyang'ana kumsewu. Akuluakulu amene muli pano mukulikumbukira khondelo. Mayi Bonjesi ankagulitsirapo mandasi, amayi a mphakati ankaphunzirirapo nyimbo, ndipo pakagwa zovuta kwa oyandikana nawo, azibambo ankakhala pomwepo.

Kuyambira cha m'ma 2007 msewu uno unayamba kusintha. Nyumba zakale zinkagwetsedwa, m'malo mwake n'kudzuka mashopu ndi nyumba zosanja. Mu 2009 a Abbas Ismael, ogulitsa zipangizo zomangira, omwe anakhala moyandikana ndi malemuwa zaka zambiri, anabwera ndi ganizo loti pamalo pano pamangidwe mafulati. Anagwirizana kuti fulati yapansi idzakhala ya banja la a Bonjesi, ndipo ntchito ya kumaso kwa nyumbayo adzaiyendetsa ndi malemuwa. Nyumba yakale inagwetsedwa mu Meyi chaka chimenecho. Banja linakakhala kaye ku Makata mpaka ntchito itatha.

Pano tiyenera kunena zinthu mmene zinayendera, chifukwa malemuwa sankafuna mbiri yopaka penti. Wojambula pulani anasiya kutsogolo kwa nyumbayi kuli kotsegula, ndi khonde pansi. Amene anapempha kuti zisinthe ndi malemuwa eni ake. Anafuna khoma la mabuloko a maluwa lochokera pansi mpaka kudenga, lotchinga fumbi ndi maso a anthu odutsa, polowera pake n'kukhala kanjira kopapatiza kokhota kawiri munthu asanafike pachitseko. Anati zaka zonsezi akhala akukongoletsa nyumba za eni, tsopano anthu aone chimene angachite pakhomo pawo. A Abbas anavomera, ndipo wojambula anakonzanso pulani.

Mayi Bonjesi okha ndi amene anakana. Anafunsa kuti anthu adzakhala pati tsiku la zovuta, nanga bokosi lidzakhota bwanji m'kanjira koteroko. Malemuwa anayankha moseka kuti iwo amamangira amoyo, za mabokosi akafunse akalipentala. Mayi anati chabwino, amisiri ndinu, ndipo nkhaniyo sanaibwerezenso.

Nyumbayi inatha mu Novembala 2010. Inali yokongola, zimenezo palibe angatsutse. Anthu ankatsika minibasi kudzaijambula, ndipo makondakitala anatcha siteji ino kuti pa Maluwa, dzina lomwe lilipo mpaka lero. Zaka ziwiri zotsatira malemuwa anaitanidwa kukamanga makoma otere ku Chilomoni, ku Machinjiri ndi ku Zingwangwa.

Pa 3 Sepitembala 2013 mayi Petronela Bonjesi anamwalira atadwala matenda a shuga nthawi yaitali. Thupi litafika kuchokera kumochale, bokosi linalowa m'kanjira kaja n'kukakanika pokhota poyamba. Onyamula anabwerera, nayesanso kulowera mbali ya kumiyendo, koma sizinatheke. Ena anati bokosi aliimike chilili. Amayi a mphakati anakana, nati munthu wogona saimikidwa ngati chitseko. Motero mayi athu anagona m'tenti m'mphepete mwa msewu, amayi akuimba, maminibasi akuwathira fumbi. Mwambo wathu tonse tikuudziwa: womwalira amagona m'nyumba mwake komaliza, ndipo amatulukira pakhomo pake. Mayi Bonjesi sanalowe ndipo sanatuluke. Alongo awo a Laurenti, polankhula m'malo mwa akuchikazi, anangoti mlongo wawo wachoka ngati mlendo wosowa pofikira. Malemuwa anamva mawuwo ali pomwepo.

Kuchokera tsiku limenelo sanaumbenso buloko la maluwa. Chikombole anachipachika kuseri kwa nyumba, ndipo obwera ndi ntchito ya mtundu umenewo ankabwezedwa. Mu Januwale 2014 anapita kwa a Abbas kukapempha kuti agumule pakati pa khomali n'kutsegula khomo lolunjika kuchitseko. A Abbas anakana, ndipo zifukwa zawo zinali zomveka. Khomali limathandiza kunyamula khonde la m'mwamba, kumene kumakhala anthu a lendi, komanso pankafunika chilolezo chatsopano. Malemuwa sanakangane nawo. Ankangobwerera kukapempha, chaka chino, chaka chamawa. Mayi Zeinabu, akazi a a Abbas, omwe anachezera nawo m'tenti muja, ndi amene anauza amuna awo kuti fumbi lija iwonso analimeza, ndipo sakufuna kudzalimezanso pa maliro ena. A Abbas anavomera, ndipo chilolezo chinatuluka mu Julaye 2016, pogwirizana kuti paikidwe lintala yolimba, mtanda wa konkire wa pamwamba pa khomo, ndiponso kuti mbali zotsala za khoma zisawonongeke.

Pa nthawi imeneyo malemuwa anali atayamba kale kudwala. Chifuwa chinayamba mu 2015, ndipo madokotala ku Gulupu anati mapapo awo anatopa ndi fumbi la simenti. Mwana wawo woyamba, a Limbikani, anapempha kuti alembe amisiri ena, ntchito ithe sabata imodzi. Malemuwa anati amene anamanga mfundo ndi amene amadziwa pomasulira. Analola kuthandizidwa pa kuthira lintala pokha, mu Okutobala 2016. Zina zonse anachita okha. Sanagwiritse hamala yaikulu. Buloko lililonse ankalisema m'mbali ndi tchizulo, kulichotsa lathunthu, n'kukalisanja kuseri. Tsiku lina ankachotsa awiri, sabata ina osachotsa n'limodzi lomwe. Ambiri a inu munkawaona atakhala pa ndowa yovundikira, akudikira mpweya ubwerere. Anagonekedwa m'chipatala mu Epulo 2017 ndiponso mu Novembala chaka chomwecho, ndipo ana ankaopa kuti khomo lidzatsala theka. Iwo akatuluka ankafunsa kaye tchizulo chawo asanafunse chakudya.

Pulasitala womaliza anapaka pa 17 Malichi 2018. Lamlungu lotsatira, Misa itatha, anaitana azibambo a mphakati, nawapempha kuti anyamule thabwa lalitali, ena mbali iyi ena mbali iyo, alowe nalo m'nyumba ndi kutuluka. Azibambowo anadandaula kuti a Bonjesi mukutiyesetsa zotani masana ano. Malemuwa anati nthawi ina anamanga osayesa. Thabwa linalowa, linatuluka, osakhudza khoma. Malemuwa anati basi, nakagona.

Pa 2 Meyi anagonekedwanso ku Gulupu. Analandira sakramenti la odwala pa 11 Meyi, ndipo anatisiya m'mawa wa Lolemba pa 14 Meyi 2018, ali ndi zaka 66.

Malemuwa asiya ana anayi: a Limbikani, a Angela, a Mavuto ndi a Chisangalalo, zidzukulu zisanu ndi zinayi, ndi mlongo wawo mmodzi, mayi Rozina, omwe afika dzulo kuchokera ku Nsanje.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino, abambo mfumu ndi akhristu a mphakati, amfumu a dera lino, adzukulu okumba manda, ndi anthu okhala m'mafulati a m'mwamba, omwe anapirira kugogoda kwa tchizulo pafupifupi zaka ziwiri osadandaula. Tikuthokoza mwapadera a Abbas ndi mayi Zeinabu. Tikuthokozanso a Laurenti ndi akuchikazi onse, omwe abwera osaitanidwa kawiri.

Zinthu ziwiri malemuwa sanamalize. Khomoli silinapakidwe penti, ndi chifukwa chake mukuliona lotuwa pakati pa maluwa oyera. Ndipo mabuloko aja anawasanja kuseri anati ndi omangira chiliza cha mayi Petronela. Ntchito imeneyo yatsalira ana.

Dzulo madzulo thupi lawo linalowa m'nyumba mwawo osapendeketsa, ndipo amayi achezera nalo m'katimo. Posachedwapa lituluka pakhomo pomwepo kupita kukagona pambali pa akazi awo. Tikupempha amene mwakhala kutsogoloku musendere pang'ono, onyamula adutse molunjika.

Bambo Rafaeli Joaki Bonjesi, ntchito mwaweruka. Mzimu wanu uuse mumtendere.