Galu wodyetsedwa mavu

Zaka zija mafoni a m'manja asanabwere, ine mano akadali onse m'kamwamu, ndinkagwira ntchito kumene apolisi amaphunzitsira agalu, ndipo ntchito yanga inali yokhala wakuba. Musaseke, anyamata inu, sindinakuitanireni nthabwala. Ankandiveka chimkono cha ziguduli chonenepa ngati mtondo, ine n'kuliyatsa liwiro pabwalo, galu n'kundigwira. Sukulu ndinalekera sitandade faifi, koma za galu musandiuze, zipsera ndi izi, taonani.

Galu amene sindimuiwala anali Mphezi, wamkulu ngati mwana wang'ombe. Ankadya pa nthawi yake, kusambitsidwa, kupesedwa, kubayidwa jekeseni, pamene ine wolumidwane ndinkaswera chinangwa, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Koma ndinene zoona, Mphezi sanali wolusa. Ankanunkhiza nsanza ya munthu n'kulondola phazi mpaka kudambo, ndipo akamupeza ankagwira mkono basi, osati khosi. Asajeni amene ankayenda naye akangoti "Siya!" pomwepo kukamwa yasa, n'kukhala pansi. Tsiku lina chiguduli chinavuka ndikuthamanga, mkono wanga uli pamtunda, Mphezi atadumpha kale. Asajeni anakuwa kamodzi kokha, galu anangondigunda ndi chifuwa n'kupotoloka. Kenako iwo anandiuza kuti, "Nakoma, kuluma galu aliyense amabadwa nako. Ife kuno timaphunzitsa kuleka."

Tsono inu achitetezo cha m'mudzi a masiku ano, mbuzi zitayamba kubedwa kuno ku Namitambo munatani? Munagula kagalu, n'kukatsekera m'bokosi kuti kasaone munthu, n'kumakasinjira mavu ndi tsabola m'madeya ati kaluse. Iwe Yohane, usayang'ane pansi, chisa cha mavu unakathyola ndiwe, ndinakuona nkhope itatupa ngati dzungu. Ndinabwera kudzakuletsani, inu munati, "Agogo, zimenezo ndi zachikale." Chabwino, safunsa anadya phula. Lachisanu lapitali galu wanuyo anadula chingwe, ndipo sanapeze wakuba mbuzi ayi, anapeza Che Amidu, nkhalamba inzanga, akupita kumzikiti. Munakuwa nonse, wina "Choka!" wina "Bwera!" wina likhweru, koma galu osamva ndi mmodzi yemwe. Akanamva bwanji, poti ndi dzina lomwe simunamupatse? Mkanjo unang'ambika, mwendo umene anawalumawo anakawasoka kuchipatala ku Boma, ndipo lero mwasonkhana ndi zibonga kuti mukaphe galu. Kupha galu! Walakwanji iyeyo? Wachita zimene munamudyetsa. Oyenera zibongazo ndikuwaona, ayima patsogolo pangapa.

Ikani zibonga pansi, ana anga, khalani apa. Awiri mupite kwa Che Amidu mukapepese, ndipo muziwathiririra dimba mpaka mwendo utapola. Yohane, iwe kaitane alangizi a ziweto adzamuone galuyo ngati alibe chiwewe. Akati ali bwino, mubwere naye kwathu, ndimumange pamthunzi wa mango, amwe madzi, adye chakudya cha galu. Mwina tachedwa kale, paja m'mera mpoyamba, ndiye sindikulonjeza kanthu, koma ndiyesa. Dzina musankhe nokha. Ndipo kaya auwa bwanji, muzisinthana kubwera kudzakhala naye pansi chapatali, kumuitana mofatsa, kufikira tsiku limene adzabwere yekha akugwedeza mchira. Za mbuzi tidzakamba zikatero.